Ndili ndi zaka 42 ndipo ndili pantchito: kodi ndingakhalebe loya?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Thyolo, ndipo ndalifupikitsa motere: "Ndili ndi zaka 42. Ndagwira ntchito zaka 15 mu ofesi yoona za antchito pa esiteti ina ya tiyi, ndipo ndili ndi digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Ana ndi atatu, woyamba ali folomu 3. Bambo akunyumba ndi mphunzitsi wa pulayimale. Mtima wanga wakhala uli pa zamalamulo kuyambira kale. Mng'ono wanga amene ali ku Leeds akuti kumeneko munthu wa digiri iliyonse amalemba mayeso n'kukhala solicitor osasiya ntchito. Kodi ndingachite zimenezi ndili konkuno? Kapena ndachedwa?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imene mwina simunauze anthu ambiri. Ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene likukusowetsani tulo. Simunachedwe. Orton Chirwa, amene anabadwa mu 1919, anali mphunzitsi asanakhale loya, ndipo anavomerezedwa kuimira anthu pamilandu ku London mu 1958 ali ndi zaka 39. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anafika pamenepo mu 1966 ali kale ndi ana. Ine ndinalowa m'kalasi ya malamulo ndili ndi zaka 36, nditagwira choko zaka 12 pasukulu ina ya sekondale kwathu ku Mulanje. Loya woima payekha alibe zaka zopumira ngati za m'boma. Malinga mutu ukugwira ndipo chiphaso akukonzetsa chaka ndi chaka, amagwirabe ntchito. Mukavomerezedwa muli ndi zaka 48 kapena 49, patsogolo panu pangakhale zaka zina 20 za ntchito.

Anthu aakulu amene ndawaona akulephera panjira imeneyi anagwa pa zinthu ziwiri. Ena analowa njira osafunsa kumene ikutulukira, n'kudzazindikira atalipira fizi zaka zitatu kuti pepala lawo silingawafikitse kukhoti. Ena anaganiza kuti ntchito ndi sukulu zidzayendera limodzi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndipo itakwana nthawi yoti chimodzi chipatuke, analibe pogwira. Ndikufuna inu muzione ziwirizi zili patali.

Zimene mng'ono wanu akunena ndi zoona, koma ndi zoona za ku England ndi Wales. Kumeneko ntchito ya uloya inagawidwa pawiri. Solicitor ndi amene munthu wa mlandu amayamba kukaonana naye, amalemba makalata ndi mapangano n'kukonza mlandu wonse, pamene barrister ndi amene kawirikawiri amakaima pamaso pa majaji m'makhoti akuluakulu. Kuyambira 2021, bungwe lawo loyang'anira ntchitoyi, Solicitors Regulation Authority, linabweretsa mayeso otchedwa SQE. Munthu amafunika digiri ya phunziro lililonse. Akatero amalemba SQE1, mapepala awiri a mafunso 180 lililonse, osankha yankho lolondola, kenako SQE2, imene imayesa ntchito yeniyeni monga kucheza ndi munthu wa mlandu, kulemba zikalata ndi kulankhula pamaso pa khoti. Pamwamba pa izi pamafunika zaka ziwiri za ntchito ya zamalamulo, ndipo solicitor wa ku England ayenera kusainira kuti munaigwiradi. Gawo lililonse mumaloledwa kuliyesa katatu kokha, zonse m'kati mwa zaka 6. Mayeso okhaokhawo amadya mapaundi oposa 4,000, osawerengera maphunziro okonzekera.

Tsono taganizani zimene mungagule ndi ndalama zimenezo. Malamulo amene mayesowo amafunsa ndi a malo a ku England, misonkho ya ku England, makhoti a ku England. Simudzapezamo lamulo lathu la malo a makolo, Customary Land Act ya 2016, kapena la zantchito, Employment Act ya 2000, imene mumaitsegula tsiku lililonse muofesi mwanumo. Mutapambana zonse, pepalalo silingakulolezeni kuimira munthu pakhoti la majisitireti pa Thyolo boma, mudzayenerabe kudzera pakhomo lathu. Nanga zaka ziwiri zosainidwa zija mukazipeza kuti muli pa esiteti? Anthu ambiri kwathu kuno liwu loti solicitor analimva koyamba pamene maloya a ku London anasuma milandu ya amayi ogwira ntchito m'minda ya tiyi pakati pa 2019 ndi 2021, koma kumbukirani kuti milandu imeneyo inali ya kukhoti la ku England, n'chifukwa chake inagwiridwa ndi maloya a kumeneko. Ngati banja lanu likukonza zosamukira ku Leeds, ndiye nkhani ina. Ngati mukufuna kuthandiza anthu a ku Makwasa, ku Luchenza ndi ku Thekerani, njira ya mng'ono wanuyo ndi yozungulira komanso yodula.

Kuno kwathu ntchitoyi sitinaigawe. Lamulo limatchula legal practitioner, ife timangoti loya, ndipo munthu mmodzi yemweyo amalemba wilo m'mawa n'kukaima ku High Court masana. Chiyambi chake ndi digiri ya malamulo, LLB, ya zaka 4. Digiri yanu ya bizinesi siilowa m'malo mwake. University of Malawi ku Zomba, imene ambirife timaitchulabe Chanco, ndiyo yaphunzitsa maloya ambiri a dziko lino. Kumeneko amafuna munthu amene analawako kale yunivesite, choncho digiri yanu ikukuikani pamzere, ngakhale malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Catholic University ku Nguludi, imene kwa ife a ku Thyolo ndi Mulanje ili pafupi, popatukira pamsewu wa Midima, nayonso imaphunzitsa digiri ya malamulo. Palinso digiri zophunzira uli kunyumba, monga ya University of London kapena ya UNISA ya ku South Africa. Kulikonse kumene mungafunsire, funsani mwachindunji ngati chaka chimenecho digiri ya malamulo ili ndi makalasi a Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa yunivesite ikhoza kukhala ndi makalasi otere pa maphunziro ena koma osati pa malamulo.

Digiri ikatha, ulendo sunathe. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018 linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education, imene timaitchula MILE, kumene anthu a digiri amakaphunzira ntchito yeniyeni ya uloya pafupifupi chaka chathunthu n'kulemba mayeso ena. Kwa zaka zambiri omaliza ku Zomba ankavomerezedwa popanda mayeso owonjezera, pamene ophunzira kwina ankayenera kuwalemba. Zimene zidzagwire inuyo zidalira sukulu imene mwasankha ndi dongosolo la chaka chimene mudzamalize. Mukadutsa pamenepo mumapereka pempho kwa Chief Justice kuti akuvomerezeni, mumagwira kaye ntchito pansi pa loya wamkulu kwa nthawi yoikika ndi lamulo musanatsegule ofesi yanuyanu, ndipo mumakhala membala wa Malawi Law Society. Mukawonkhetsa zonse, zinthu zitayenda bwino popanda kubwereza, ndi zaka 5 mpaka 6 kuchokera tsiku lolowa m'kalasi mpaka kuvomerezedwa.

Apa ndiye pamene ndikupemphani mundimvere ngati mkulu wanu. Musanalipire ngakhale tambala kusukulu iliyonse, lembani kalata ku Council of Legal Education, bungwe loyang'anira maphunziro a malamulo m'dziko muno, mutchule dzina la sukuluyo, dzina la digiriyo ndi njira yophunzirira, mufunse ngati munthu womaliza maphunziro amenewo amaloledwa kupitiriza mpaka kuvomerezedwa. Yankho likhale lolembedwa, mulisunge. Onaninso ku National Council for Higher Education, bungwe lovomereza mayunivesite ndi maphunziro awo, ndipo muonetsetse chinthu chimene ambiri amachiphonya: sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma digiri yake ya malamulo isanavomerezedwe. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Woyankha foni ku ofesi yolembera ophunzira adzakuuzani kuti zonse zili bwino, mwinanso akukhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, koma si iye amene adzalandire pempho lanu kukhoti. Ine ndisanapite ku Zomba ndinataya zaka ziwiri ndi ndalama zogulitsa nandolo za nyengo ziwiri pa maphunziro ena a m'makalata. Ndinkakhoza bwino, satifiketi inabwera yokongola, koma nditapita nayo kumene imayenera kugwira ntchito anandiuza mwaulemu kuti saiwerengera. Ndinalira m'minibasi kuchokera ku Limbe mpaka pa Chitakale. Kalata imodzi ikanandipulumutsa. Safunsa anadya phula.

Tibwere ku nthawi. Ntchito yanu ili ndi nyengo zake, ndipo mukuzidziwa kuposa ine. Mvula ikayamba, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka mosalekeza, esiteti imalemba antchito anyengo, ndipo ofesi ngati yanu imadzaza: kulemba mayina, malipiro, ovulala, madandaulo, milandu ya kuntchito. Kukafika chiperoni mu Juni ndi Julayi, akamadulira tiyi, mumapumako. Yunivesite siiyendera kalendala ya tiyi. Mayeso akhoza kugwa mu Febuluwale, sabata yomweyo ya malipiro. Choncho musamawerenge nthawi yanu poyang'ana mwezi wa Ogasiti, muwerenge poyang'ana mwezi woipitsitsa. Kuona kwanga, munthu wophunzira malamulo ali pantchito amafunika maola osachepera 20 pasabata owerenga payekha, kupatula a m'kalasi. Kwa mayi wapabanja maola amenewo sapezeka madzulo, pamene thupi latopa ndipo aliyense akukufunani. Amapezeka 4 koloko m'bandakucha, nyumba ikadali zii. Gulani nyali yabwino ya sola. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, ndipo mayeso sanadikire kuti magetsi abwerere.

Kuwerenga kwa malamulo n'kosiyana ndi kumene munazolowera pa digiri yoyamba. Simuloweza manotsi a mphunzitsi. Mumawerenga zigamulo zenizeni, zina za masamba 40, n'kupeza ziganizo zitatu zimene zanyamula mlandu wonse. Popeza malamulo a ku England analowa m'dziko muno mu 1902 ndipo mizu yake ikadalipo, mudzakumana ndi milandu yakale ngati Donoghue v Stevenson wa 1932, wa mayi amene ananena kuti anapeza nkhono m'botolo la chakumwa, ndipo Chingelezi chake n'cholemera. Chabwino n'chakuti lero zigamulo ndi malamulo athu ambiri ali pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII mwaulere, chimene m'nthawi yathu tinkachilimbirana mulaibulale. Mutha kutsitsa usiku bandulo ikatchipa n'kusindikiza, chifukwa maso a zaka 42 sapirira kuwerenga chigamulo pafoni. Chinthu china chaching'ono chimene palibe amene anandichenjeza: dzanja. Kulemba ndi bolopeni maola atatu osapuma, mutakhala zaka zambiri pakompyuta, n'kovuta. Yambani kulizoloweza mayeso akadali kutali.

Koma msinkhu umakupatsaninso mwayi m'kalasi. Mnyamata wa zaka 20 akamaphunzira za kuchotsa munthu ntchito mopanda chilungamo, amaona mawu papepala. Inu mumaona nkhope ya kapitawo uja amene munakhala naye pamlandu wa kuntchito chaka chatha. Ine phunziro la malamulo a banja ndi chuma cha masiye ndinalimva msanga chifukwa ndinali nditakhalapo kale pabwalo, nditaona mwinimbumba ndi akuchimuna akukokanakokana pa munda ndi malata. Ngozi yake ndi yakuti munthu wamkulu amayankha mayeso ndi nzeru za moyo m'malo mwa lamulo. Wochonga safuna kudziwa chimene chili chachilungamo m'maso mwanu, akufuna gawo la lamulo ndi chigamulo chimene mwatsamira. Chaka changa choyamba ndinachiphunzira chimenechi mowawa.

Za ndalama ndilankhula mosabisa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo panjira iyi padzafika nyengo imene simungathe kukhala kuofesi ndi kusukulu nthawi imodzi. Mukasankha Zomba, nyengo imeneyo ndi yaitali, pakuti simungayende kuchoka ku Thyolo kudzera ku Limbe kupita ku Zomba m'mawa uliwonse n'kubwerera kudzagwira ntchito. Mukasankha njira ya kumapeto a sabata kapena ya kunyumba, nyengoyo idzabwera pamapeto, pa maphunziro a ntchito yeniyeni ndi pamene mudzakhale pansi pa loya wamkulu. Njira iliyonse ili ndi chaka chake chopanda malipiro amene mwazolowera, ndipo chaka chimenecho muyambe kuchisungira lero. Werengani motere: fizi, thiransipoti, malo ogona, mabuku, kusindikiza, bandulo, ndiye muwonjezere ndalama zobwereza phunziro limodzi kapena awiri, chifukwa munthu wogwira ntchito kulephera pepala limodzi si chachilendo. Kenako ikani pambali pake fizi ya ana. Mwana wanu wa folomu 3 adzafuna za kukoleji inu muli chaka chachiwiri kapena chachitatu. Ma fizi awiri a yunivesite m'nyumba imodzi, pa malipiro a mphunzitsi wa pulayimale okha, ndi pamene mabanja ambiri amasiyira panjira.

Pa digiri zakunja onjezerani nkhani ya kwacha. Ndalama yathu inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankalipira fizi m'mapaundi kapena m'marandi anagona ali ndi ngongole ina n'kudzuka ndi ina yokulirapo, osanenanso za kuvutika kupeza ndalama zakunja kubanki. Fizi ya m'makwacha imakweranso, koma mumatha kuiona ikubwera. Konzani mapulani anu ngati kuti ngongole ya boma ya ophunzira simudzaipeza, ikadzapezeka idzakhale mphatso. Banki m'khonde ndi SACCO zingakuthandizeni kusunga ndi kubwereka pang'onopang'ono. Katapila musamuyandikire, ngakhale tsiku lomaliza kulipira litafika mawa. Ndipo munda wa makolo musagulitse chifukwa cha sukuluyi, chifukwa si wanu nokha, ndipo mkangano wake udzakutsatirani mpaka m'chipinda cha mayeso.

M'kalata yanu mwatchula bambo akunyumba kamodzi kokha, ndipo simunanene maganizo awo. Khalani nawo pansi. Mwamuna kunena kuti "pitani mukaphunzire, mayi" n'kosavuta. Funso lenileni ndi lakuti Loweruka adzaperekeza ndani mwana kuchipatala, adzaphika ndani sabata ya mayeso, adzapita ndani kukazonda odwala kumudzi. Mukambirane zinthu zimenezi chimodzichimodzi. Kwathu kuno kwa chikamwini, mayi wapantchito ngati inu ndiye mzati wa mbumba yonse. Maliro, chinkhoswe, mwana wa mchemwali wathamangitsidwa fizi, zonse zimafikira pakhomo panu. Simungasiye kupita kumaliro, ndipo sindingakulangizeni kutero, koma mungathe kuuza amalume ndi amayi a kumpingo kuti kwa zaka zingapo muzifika pa mwambo weniweni, osagona kusiwa masiku onse, ndipo maudindo ena muwatule. Mukawauza nokha poyamba amamvetsa. Akangoona mukusowa amati mwayamba kunyada. Ine amuna anga anasamalira ana athu awiri ndi mayi anga zaka zonse za ku Zomba, ndipo panali miyezi imene tinkalankhulana mozizira. Tinadutsa chifukwa tinali titagwirizana chiyambire kuti digiriyo ndi ya nyumba yonse.

Abwana anu auzeni msanga, ndipo zogwirizana zikhale zolembedwa. Employment Act imakupatsani tchuthi cha masiku 15 pachaka ngati mumagwira masiku asanu pasabata, kapena 18 ngati mumagwira asanu ndi limodzi. Masiku amenewo adzathera ku mayeso. Tchuthi chamaphunziro chidalira malamulo a pakampani panu ndi mmene mwakambirana. Kampani ikhoza kuvomera kukulipirirani chifukwa munthu wodziwa malamulo a ntchito muofesi yanu ndi phindu lawo, koma adzafuna musaine kuti mudzawagwirira zaka zakutizakuti mukamaliza. Werengani pangano limenelo modekha, makamaka zimene mudzabweze mukachoka nthawi isanakwane, ndipo muone ngati likukupatsani mpata wopita kukamaliza maphunziro a ntchito yeniyeni. Palinso nkhani ya chinsinsi. Mafayilo amene mumawaona pantchito si oti muziwatengera kukalasi ngati zitsanzo, ndipo mukadzakhala loya simudzagwiritsa ntchito zinsinsi za abwana anu akale powasumira. Khalidwe lanu lidzaunikidwa musanavomerezedwe, ndipo mbiri imayamba panopa.

Mbiri ikangomveka kuti mukuphunzira malamulo, anthu adzayamba kukudikirani pageti. Wina wachotsedwa ntchito, wina mwana wake ali m'chitokosi, wina amulanda munda. Mtima udzafuna kuthandiza. Auzeni kumene angapite: ku ofesi ya zantchito paboma, kwa a mgwirizano wa antchito a m'minda, ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pamilandu anthu amene sangathe kulipira loya. Koma musalembere munthu zikalata za kukhoti n'kulandira kangachepe, ndipo musalole kuti azikutchulani loya musanavomerezedwe. Ndi mlandu, ndipo ukhoza kukutsekerani khomo limene mukulivutikira.

Ndikuuzeninso za tsidya linalo, chifukwa ambiri amaona mwinjiro wakuda basi. Anthu ambiri anakopeka ndi uloya pomvera pawailesi mlandu wa zisankho umene chigamulo chake chinaperekedwa pa 3 Febuluwale 2020. Masiku otero m'moyo wa loya ndi owerengeka. Chaka chanu choyamba mudzanyamula mafayilo, mudzaima pamzere ku ofesi yolembera milandu, mudzakhala pabenchi m'mawa wonse n'kumva kuti mlandu waimitsidwa mpaka mwezi wamawa. Amene adzakutumeni akhoza kukhala wamng'ono kwa inu ndi zaka 10, ndipo adzakubwezerani kalata yodzaza inki yofiira. Inu amene lero anthu amakuvulirani chipewa pa esiteti, mudzakhalanso wophunzira. Malipiro a zaka zoyambazo akhoza kuchepera pa amene mukulandira panopa. Maofesi ambiri a maloya ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndiye nyumba ya pa esiteti mudzaisiya, kapena muziyenda msewu wa Bvumbwe m'mawa ndi madzulo. Ngati maloto anu ndi kukhala jaji wa High Court, Konsitichushoni imafuna zaka zosachepera 10 za uloya, choncho werengani nokha.

Komabe ndinganene mosakayika kuti madera athu akusowa munthu ngati inu. Loya amene amadziwa kuwerenga pepala la malipiro a wothyola tiyi, amene amadziwa mmene ndalama yochotsera munthu ntchito imawerengedwera, amene anakhalapo pamlandu wa kuntchito maulendo osawerengeka, sayamba pa ziro ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito. Za chipukuta misozi cha ovulala pantchito mukuzidziwa kale mbali ya mafomu. Nkhani za malo ku Thyolo ndi Mulanje, kumene anthu apanikizana m'mphepete mwa minda ya tiyi, sizidzatha posachedwa, ndipo amasiye ambiri sadziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawateteza kwa olanda katundu. Gogo wa ku Thekerani amamasuka kufotokoza mlandu wake kwa munthu amene akumva Chichewa cha kwawo, mwinanso Chilomwe, amene sangadabwe akamva kuti munda unachokera kwa amalume. Zimenezi ku yunivesite saphunzitsa.

Musanasankhe, dzifunseni kuti chimene mtima wanu ukufuna kwenikweni n'chiyani, chifukwa mwina sichifuna zaka 6. Ngati mukufuna kudziwa malamulo kuti mukwere pantchito yomweyi, dipuloma ya malamulo, monga imene inkaphunzitsidwa ku Staff Development Institute ku Mpemba (lero ndi Malawi School of Government), ingakufikitseni patali pa mtengo wochepa. Ngati mukufuna kuthandiza anthu osauka, pali ntchito ya maparalegal, amene kuyambira 2000 kudzera ku Paralegal Advisory Service akhala akulowa m'ndende, kupolisi ndi m'makhoti kufotokozera anthu ufulu wawo ndi mmene angapemphere belo. Majisitireti ambiri amene amaweruza milandu m'maboma athu alibe digiri ya malamulo, anaphunzira dipuloma. Izi si ntchito zonyozeka. Koma ngati chimene mukufuna ndi kuimirira m'khoti n'kulankhulira munthu amene sangathe kudzilankhulira, ndiye dipuloma sidzakukhutitsani, ndipo ndibwino kulunjika pa digiri.

Pali njira yodziyesera imene siifuna fizi. Tengani tsiku limodzi la tchuthi mukakhale pakhoti la majisitireti pa Thyolo boma kuyambira m'mawa mpaka atatseka. Khoti ndi la aliyense, palibe amene adzakufunseni chiphaso. Muone milandu ya mbuzi, ya ndewu, ya chisamaliro cha ana, muone kuchedwa kwake ndi kutentha kwa m'chipindamo. Tsiku lina mukakhale ku Industrial Relations Court ku Blantyre. Kenako, kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene ntchito yafika pampondachimera, dzukani 4 koloko masiku asanu pasabata, muwerenge chigamulo chimodzi cha nkhani za ntchito kuchokera pa MalawiLII, n'kulemba ndi dzanja tsamba limodzi lofotokoza chimene chinachitika, funso limene khoti linayankha ndi chifukwa chake. Mukafika kumapeto a Malichi mukudzukabe, ndipo kunyumba akupirira, mudzakhala mutaona ndi maso anu mmene zaka zikubwerazo zidzakhalire. Mukaona kuti sizikutheka chaka chino, mudzakhala mutataya tulo tokha, ndipo mungadikire mpaka woyamba uja atakhazikika kukoleji.

Kalata yopita ku Council of Legal Education ija lembani sabata ino, chifukwa yankho lingatenge nthawi. Likafika mundilemberenso, mundiuze zimene anena ndi zimene bambo akunyumba ayankha, kuti tione limodzi sukulu yoyenera kufunsirako malo.